Uphunzitsi mukauphunzire kuti? Kuyerekeza yunivesite, IFP ndi maphunziro a patali kwa ife a m'chigawo cha Tete

Mwana akamaliza kalasi ya 12 ku Ulónguè, ku Furancungo kapena ku Tsangano n'kunena kuti akufuna uphunzitsi, pakhomo pamabuka mafunso awiri: sukulu yotsika mtengo ndi iti, nanga yapafupi ndi iti. Mafunso amenewa ali ndi nthawi yake, koma oyambira si amenewo. Choyamba n'kudziwa msinkhu wa ana amene mukufuna kudzaima pamaso pawo. Wophunzitsa kamwana ka zaka 6 kugwira pensulo ndi wophunzitsa Química kwa mnyamata wotuluka ndevu wa kalasi ya 11, onse amaweruka ndi fumbi la choko m'manja, koma ntchito zawo n'zosiyana ngati ulimi wa fodya ndi wa kachewere. Boma nalonso limawasulira m'malo osiyana.

Lamulo la maphunziro nambala 18/2018 linasintha kagawidwe ka makalasi. Pulayimale tsopano ndi kalasi 1 mpaka 6. Sekondale imayambira kalasi ya 7 ndipo ili pawiri: 7 mpaka 9, kenako 10 mpaka 12. Kalasi ya 7 inasamukira ku sekondale mu 2023, n'chifukwa chake sukulu zina zakumudzi zomwe zinali za pulayimale zokha zasanduka escola básica, zophunzitsa kuyambira 1 mpaka 9. Mphunzitsi wa pulayimale amasulidwa ku IFP, Instituto de Formação de Professores, kapena ku sukulu za bungwe lomwe si la boma la ADPP zotchedwa EPF, Escola de Professores do Futuro. Wa sekondale amasulidwa ku yunivesite. Amene ali kale pantchito ali ndi khomo lina, la maphunziro a patali, ndipo ife a m'malire maso amathawiranso kutsidya, ku Malawi.

Zimene yunivesite ya aphunzitsi imapereka

Anthu ambiri mpaka lero amangoti UP. Universidade Pedagógica inayamba mu 1985 ndi dzina lakuti Instituto Superior Pedagógico, inakhala yunivesite mu 1995, kenako inatsegula nthambi m'zigawo. Mu 2019 boma linaigawa n'kutulutsamo mayunivesite asanu: UP Maputo, UniSave, UniLicungo, UniRovuma ndi UniPúnguè. Yathu ndi yomalizayi. Likulu lake lili ku Chimoio, ndipo nthambi ya UP yomwe inali mumzinda wa Tete ndiyo Extensão de Tete ya lero. Musaisokoneze ndi UniZambeze, yomwe ku Ulónguè imaphunzitsa zaulimi ndipo ku Tete zaumoyo, kapena ISPT, Instituto Superior Politécnico de Tete, yodziwika ndi za migodi. Kumeneko amasula akatswiri a ntchito zina. Wotuluka kumeneko akadzafuna kugwira choko amapezeka kuti alibe formação psicopedagógica, maphunziro a kaphunzitsidwe, yomwe concurso, mpikisano wolembera aphunzitsi ntchito, imayang'ana.

Digiri yake ndi licenciatura, ya zaka 4. Kosi ya uphunzitsi mumaizindikira ndi mawu akuti "Ensino de" kumayambiriro: Ensino de Matemática, Ensino de Português, Ensino de Inglês, Ensino de Biologia, Ensino de História, Ensino de Geografia ndi ena otero. Si makosi onse amene amatsegulidwa ku Tete chaka chilichonse. Ena amakhala ku Chimoio kokha, ndipo chimene chimanena zoona ndi edital, chilengezo cha makosi ndi malo, ya chaka chimenecho, osati mnzanu amene analowa zaka zitatu zapitazo. Palinso makosi a zamaphunziro omwe si a phunziro la m'kalasi, monga Psicologia Educacional kapena Administração e Gestão da Educação. Mayina ake ngonyaditsa, ndipo kwa director wa sukulu amene wakhala pantchito zaka khumi ali ndi phindu. Kwa mwana wongochoka kumene ku sekondale ndi msampha: akamaliza, sukulu imamufunsa kuti aphunzitsa phunziro lanji, iye n'kusowa choyankha.

M'kati mwa zaka zinayizo muli zingwe zinayi zopotedwa pamodzi. Choyamba ndi phunziro lenilenilo, mozama kupitirira zimene mudzaphunzitse: wa Matemática amalimbana ndi Análise ndi Álgebra, wa Português ndi kapangidwe ka ziganizo ndi mabuku a alembi. Chachiwiri ndi maphunziro a mphunzitsi aliyense, monga psicologia ndi pedagogia. Chachitatu ndi didáctica ya phunziro lanu, ndiko kuti kaphunzitsidwe kake, pomwe mumaphunzira chifukwa chimene mwana amaphatikizira 1/2 ndi 1/3 n'kupeza 2/5, ndi njira yomuchotsera maganizo amenewo. Chachinayi ndi práticas pedagógicas, zomwe zimayamba ndi kukaonerera mmene sukulu imayendera n'kudzathera pa estágio, pomwe mumapatsidwa kalasi yanu, mphunzitsi wa pasukulupo ndi wa ku yunivesite akukuyang'anirani.

Mwambo wina umene UP inasiyira ana ake ndi wa phunziro laling'ono lowonjezera, lomwe pa satifiketi limalembedwa kuti "com habilitações em". Ambiri amasankha mwachisawawa, kutsatira komwe anzawo apita. Ganizirani za sukulu ya sekondale ya ku Chifunde kapena ku Marávia, komwe magulu a ana ndi ochepa moti Física yokha singadzaze maola a mphunzitsi a pa sabata. Director wa kumeneko amasangalala ndi munthu amene angatenge Física ndi Matemática, kapena Biologia ndi Química, osati amene ali ndi phunziro limodzi ndi kena kake kosaphunzitsidwa pasukulupo.

Mphamvu ya njira imeneyi ndi kuzama. Mwana wa kalasi ya 12 akafunsa funso losalembedwa m'buku, mphunzitsi amene anangoloweza amakwiya, pomwe amene anazama amatenga choko. Pali laibulale, pali laboratório ya amene akuchita za sayansi, pali aphunzitsi amene mungawapeze maso ndi maso, ndiponso anzanu a m'kalasi amene mumakangana nawo pa funso limodzi mpaka usiku. Licenciatura ndiyo imatsegula khomo la N1, gulu lapamwamba la aphunzitsi olembedwa ntchito m'boma, ndiyonso makwerero opitira ku mestrado, digiri yachiwiri.

Kufooka kwake tisakubise. Nthawi yoima pamaso pa ana njochepa poyerekeza ndi nthawi yokhala pansi kumvetsera, ndipo estágio kawirikawiri imachitikira m'sukulu za mumzinda, za magetsi ndi ana ozolowera Chipwitikizi. Munthu ameneyo akatumizidwa kumudzi komwe kalasi ndi yodzaza, mabuku ndi owerengeka, ndipo ana a kalasi ya 7 akuwerenga modumphadumpha, amayamba kuphunzira ntchito kachiwiri. Amene akudziwa kuti adzabwerera kwawo apemphe estágio pasukulu ya kunja kwa mzinda ngati malamulo a kosi alola, kapena adzipereke kuthandiza pasukulu ya kwawo nthawi ya tchuthi.

Kumene anthu amagwera

Ku yunivesite malikisi amayambira 0 mpaka 20, ndipo wapambana ndi amene wafika 10. M'kati mwa semesita mumalemba mayeso ang'onoang'ono ndi ntchito zina, zomwe zimapanga nota de frequência. Ikapanda kufika 10, simuloledwa n'komwe kulowa m'mayeso omaliza. Ikafika 14, pa maphunziro ambiri mumakhululukidwa mayesowo, zimene ophunzira amati kudispensa. Wolephera mayeso omaliza ali ndi mwayi wina, wa recorrência, womwe amalipira. Chimene chimatalikitsa zaka ndi precedência: phunziro lina simungalitenge musanapambane lomwe limalitsogolera. Mukagwa gawo loyamba la Análise m'chaka choyamba, gawo lachiwiri limakudikirani chaka chathunthu, ndipo zaka 4 zija zimasanduka 5 kapena 6. N'chifukwa chake semesita yoopsa kwambiri ndi yoyamba, pomwe mwana akuzolowera mzinda, kutentha, kudziphikira ndi Chipwitikizi cha m'mabuku chomwe sichifanana ndi cha pamsika.

Dzenje lachiwiri lili kumapeto. Pali anthu amene anamaliza maphunziro onse koma akhala zaka akutchedwa finalista chifukwa cha monografia, kafukufuku wolembedwa womalizira digiri. Ndondomeko yake njodziwika: kusankha mutu, kupeza supervisor, kulemba projecto, kutenga credencial yokulolani kukafufuza pasukulu, kusonkhanitsa zimene mwapeza, kulemba, kenako defesa pamaso pa júri. Ambiri amakodwa pa sitepe yoyamba posankha mutu waukulu ngati phiri la Dómuè, monga "mavuto a maphunziro m'Mozambique". Mutu wotheka ndi waung'ono: mmene ana a kalasi ya 7 olankhula Chinyanja pasukulu imodzi amamvera mafunso a Matemática olembedwa m'Chipwitikizi. Umenewo mungaufufuze ndi makope a ana makumi atatu ndi masabata angapo okhala kumbuyo kwa kalasi. Za kugula monografia yolembedwa ndi wina tingonena kuti júri imafunsa mafunso, ndipo munthu amene sanalembe yekha amadziwika pa funso lachiwiri.

Polowera pali mayeso a admissão. Edital imatuluka chakumapeto kwa chaka, kulembetsa kumachitika pa intaneti, ndalama zake mumalipira kubanki pogwiritsa ntchito manambala a entidade ndi referência amene mwapatsidwa, ndipo mayeso amalembedwa kumayambiriro kwa chaka chotsatira, kawirikawiri maphunziro awiri ogwirizana ndi kosi. Gulu limene munatsatira ku sekondale, A, B kapena C, ndilo limanena makosi amene mungapikisane nawo: wa gulu A, la zinenero ndi História, asalote Ensino de Química. Konzani BI, NUIT ndi satifiketi ya kalasi ya 12. Vuto lathu la m'malire ndi mayina. Dzina limodzi limalembedwa Chimwemwe pa pepala ili, Chimuemue pa linalo, Phiri apa, Piri apo, malinga ndi khutu la amene analemba. Kusiyana kwa chilembo chimodzi kungaimitse matrícula kapena kuchedwetsa satifiketi zaka zinayi kutsogolo. Kakonzeni ku Registo Civil kapena kusukulu yomwe inapereka satifiketi nthawi ikadalipo.

Za ndalama, amene walowa laboral, maphunziro a masana, amalipira zochepa kusukulu. Chodula ndi moyo wa mumzinda: chipinda, chakudya, makala, madzi, mafotokope ndi chapa. Kuchokera ku Ulónguè kufika ku Tete ndi makilomita pafupifupi 230, ndiye za kupita kwanu Lachisanu lililonse kukatenga ufa muiwale. Wa kumapiri ozizira a Angónia ndi Tsangano adziwenso kuti mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa Tete kumapitirira madigiri 40, ndipo imeneyo ndiyo nyengo yokonzekera mayeso. Chinanso chimene mabanja amaiwala ndi kalendala ya munda. Chaka cha yunivesite chimayamba chakumapeto kwa Febuluwale kapena mu Malichi, nkhokwe zili pululu, pomwe ndalama za fodya, soya ndi chimanga zimabwera miyezi yotsatira. Ndalama za matrícula ndi lendi ya miyezi itatu yoyamba ziyenera kuchokera pa zokolola za chaka chatha. Thandizo la bolsa limapemphedwa ku Instituto de Bolsas de Estudo kapena ku yunivesite komweko, koma opempha ndi ambiri, choncho musamange bajeti pa chiyembekezo chimenecho.

Pós-laboral ndi kosi yomweyo, ya madzulo, yolipira propina mwezi ndi mwezi. Imayenera munthu wogwira ntchito mumzinda wa Tete kapena ku Moatize. Wa ku Macanga ilibe naye ntchito.

IFP ndi EPF

Kusula aphunzitsi a pulayimale kwasinthasintha kwambiri m'dziko muno. Kunali 7+3, kunabwera 10+2 ya ma IMAP, sukulu zosula aphunzitsi za nthawi imeneyo, kenako 10+1 kuyambira 2007, ndipo mu 2019 kunayamba 12+3, ndiko kuti kalasi ya 12 ndi zaka zitatu za maphunziro. Pasukulu imodzi mungapeze aphunzitsi a mitundu yonseyi akumwa tiyi limodzi. M'chigawo chathu muli ma IFP monga ya ku Angónia ndi ya ku Chitima, komanso EPF ya ADPP ku Chiúta. Edital ya unduna ndiyo imanena mtundu wa kosi pamalo alionse, chiwerengero cha malo ndi malire a zaka zakubadwa. Malire a zakawo amatsekera kunja anthu ambiri amene anayamba ayesa kwina, ndiye amene akufuna IFP asazengereze.

Ku IFP simuzama phunziro limodzi. Mphunzitsi wa pulayimale amaphunzitsa zonse: kuwerenga, kulemba, masamu, za chilengedwe, kuimba, masewera. Zimene amaphunzira ndi za manja: kulemba plano de aula, kugawa bolodi, kupanga zophunzitsira ndi zitsekerero za mabotolo, timitengo ndi makatoni, kuphunzitsa mwana kulumikiza liwu ndi chilembo, kusunga bata m'kalasi ya tiana tambirimbiri popanda chikwapu. Izi yunivesite siiphunzitsa mokwanira, ndipo munthu wa licenciatura ya História mutamuika m'kalasi yoyamba angatuluke thukuta ola lisanathe. Ophunzira ambiri a ku IFP amagonera komweko, zomwe zimachepetsa nkhawa ya lendi ndi chakudya, koma zimabwera ndi belu, malamulo ndi ntchito za pasukulu. EPF, zomwe yoyamba inatsegulidwa mu 1993 ndipo tsopano zilipo 11 m'dziko muno, zimatsindika kwambiri za moyo wa kumudzi: wophunzira amagwira ntchito za pasukulu, amachita práticas m'sukulu zoyandikana, ndipo amayembekezeka kuyambitsa kanthu kothandiza mudzi. Amene amadana ndi khasu ndi misonkhano ya makolo asapiteko.

Poipira pake mpoonekeratu. Wotuluka ku IFP amalowa m'boma pa gulu lotsika kuposa N1, ndipo zaka zitatu za 12+3 zimangosiyana ndi licenciatura ndi chaka chimodzi. Ena amawerengera zimenezi n'kunena kuti kuli bwino kudikira yunivesite. Kuwerengerako nkoona kwa amene mtima wake uli ku sekondale ndipo banja lingamusunge mumzinda zaka zinayi. Kwa amene walephera admissão kawiri ndipo zaka zikupita, akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sukulu za pulayimale ndi zochuluka kuposa za sekondale m'boma lililonse, ndipo digiri ingadzabwere pambuyo, muli kale pantchito.

Chinyanja monga chida cha ntchito

Pano mpamene mwana wa kuno ali ndi chuma chimene sachiwerengera. Pamene dziko linkayesa koyamba kuphunzitsa ana m'chinenero chawo pamodzi ndi Chipwitikizi, pa ntchito yotchedwa PEBIMO ya 1993 mpaka 1997, zigawo zinali ziwiri zokha: Gaza ndi Xichangana, Tete ndi Chinyanja. Kuyambira 2003 maphunziro a zinenero ziwiri analowa m'sukulu za boma, ndipo kuno amagwiritsa ntchito Chinyanja ndi Chinyungwe. Mwana amayamba kuwerenga ndi kulemba m'chinenero cha kwawo m'makalasi oyambirira, Chipwitikizi akuchiphunzira ngati phunziro, kenako pang'onopang'ono Chipwitikizi chimatenga malo.

Kulankhula chinenero si kudziwa kuchiphunzitsa. Kalembedwe kovomerezeka ku Mozambique, komwe kanayamba kukonzedwa pa msonkhano wa 1988, kamasiyana pang'ono ndi ka m'mabuku a ku Malawi amene ambiri tinaphunzirira kuwerenga kutchalitchi: kuno amalemba Cinyanja ndi "c" pamene kutsidya amalemba "ch". Mphunzitsi wosakonzekera amasakaniza kalembedwe kawiri pa bolodi limodzi, nthawi zina n'kuwonjezerapo ka Chipwitikizi, kulemba "nh" m'malo mwa "ny". Ana ndiwo amasokonezeka. Pa mbali imeneyi IFP ili patsogolo, chifukwa zinenero za dziko lino ndi kaphunzitsidwe ka zinenero ziwiri zili m'maphunziro ake. Amene akufuna kuzama pa mlingo wa digiri ayang'ane ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, komwe kuli kosi ya Ensino de Línguas Bantu, ngakhale kuti Maputo ndi kutali ndipo moyo wake ngwodula.

Kuphunzira muli kwanu

Maphunziro a patali akopa aphunzitsi ambiri a m'maboma akutali, ndipo n'zomveka: malipiro sakuima, banja silikusiyidwa, munda ukulimidwa. Universidade Católica de Moçambique ili ndi Instituto de Educação à Distância yomwe imapereka ma licenciatura a uphunzitsi. UnISCED, yomwe kale inkatchedwa ISCED ndipo likulu lake lili ku Beira, imaphunzitsa kudzera pa intaneti. Mayunivesite otuluka mu UP nawonso ali ndi makosi a patali, kuphatikizapo Ensino Básico, yomwe ndi yoyenera mphunzitsi wa pulayimale amene akufuna digiri koma sakufuna kusiya ana aang'ono.

Musanalembetse chitani kaye masamu awa. Chaka chimodzi cha yunivesite ndi makrediti 60, ndipo krediti imodzi imaimira maola 25 mpaka 30 a ntchito ya wophunzira. Tikatenga 25, ndi maola 1,500 pa chaka. Mukawagawa pa masabata 40, ndi maola oposa 37 pa sabata. Imeneyo ndi ntchito yachiwiri yathunthu, pamwamba pa kalasi yanu ya m'mawa, mwinanso ya masana, makope oti muchonge ndi misonkhano ya ZIP, gulu la sukulu zoyandikana, Loweruka. Palibe amene amakwanitsa maola onsewo, koma amene sangapeze ngakhale maola awiri tsiku lililonse ndi tsiku limodzi lathunthu pa sabata amathera kukopera ntchito za anzake pa WhatsApp. Digiri amaipeza, mutu uli chimodzimodzi.

Zofunika zake n'zodziwika koma anthu amazipeputsa. Foni yokha sikwanira kulembera ntchito ya masamba khumi ndi asanu. Pamafunika kompyuta, ngakhale yakale, ndi pochajira, kaya magetsi kaya sola yokhala ndi batire lolimba. Yesani netiweki ya Movitel, Vodacom ndi Tmcel pamalo enieni amene mumagona, madzulo, nthawi ya mvula, osati pamsika masana. Ntchito zimakhala ndi tsiku ndi ola lotsekera, ndipo makina samva zoti mtambo unaphimba sola. Funsaninso kuti pa chaka mudzafunika kangati kufika nokha ku centro de recursos kukalemba mayeso kapena kukakumana ndi tutor, ndipo centro imeneyo ili kuti. Kwa wa ku Zumbo kapena ku Fíngoè, ulendo umodzi wa ku Tete, kugona ndi kudya, ungadule kuposa propina ya mwezi.

Si phunziro lililonse limene limayenda bwino patali. História, Geografia ndi Português zimatheka, chifukwa chachikulu ndi kuwerenga ndi kulemba. Química, Física ndi Biologia popanda kugwira zida n'zopunduka, ndipo Inglês yophunzira osalankhula ndi munthu imatulutsa mphunzitsi wodziwa malamulo koma woopa kutsegula pakamwa. Kwa mwana wongomaliza kalasi ya 12, amene sanaimepo pamaso pa ana, maganizo athu ngakuti njira imeneyi aisiye. Mphunzitsi wa zaka zisanu pantchito ali ndi kalasi yoyeserapo mawa lomwe zimene wawerenga usiku. Mwana uja alibe kalasi, alibenso womuona akuphunzitsa n'kumuuza kuti wayang'ana bolodi mphindi khumi osatembenukira ana.

Sukulu iliyonse imene mwasankha, ya boma kapena ayi, funsani ngati kosiyo njovomerezeka. Ubwino wa makosi a yunivesite umayesedwa ndi bungwe la boma lotchedwa CNAQ, ndipo za maphunziro a patali amayang'anira ndi bungwe lina la boma, INED. Safunsa anadya phula.

Nanga kutsidya?

Kuchokera ku Calómuè kulowa Dedza, kapena ku Zóbuè kulowa Mwanza, ndi pafupi kuposa kupita ku Chimoio, ndipo mabanja ambiri ali ndi ana amene anaphunzira mbali zonse ziwiri. Ku Malawi kuli Domasi College of Education ndi University of Malawi ku Zomba, Nalikule College of Education ku Lilongwe, ndi Mzuzu University. Kumeneko amaphunzitsa m'Chingerezi, ndipo amakonzekeretsa munthu silabasi ya ku Malawi. Kwa amene akufuna kudzaphunzitsa Inglês kuno, zaka zokhala pakati pa olankhula Chingerezi zili ndi phindu looneka. Kwa wa Biologia kapena História, amabwerera ndi mawu onse a phunziro lake m'chinenero chimene kalasi yake sigwiritsa ntchito, ndipo História yomwe anazama si imene ili m'buku la kuno. Pepala lililonse lakunja, kaya MSCE, satifiketi yomalizira sekondale ku Malawi, yofuna kulowera yunivesite ya kuno kaya digiri yofunira ntchito m'boma, liyenera kupatsidwa equivalência, chitsimikizo cha mlingo wake kuno, ndi INECE, bungwe la boma la mayeso ndi masatifiketi. Zimenezi zimatenga nthawi ndipo zimafuna mapepala otsimikizidwa, choncho yambani edital isanatuluke.

Digiri ndi malipiro siziyendera limodzi nthawi zonse

Aphunzitsi amadziwana ndi magulu: N4 wa mlingo wa básico, N3 wa médio, N2 wa bacharelato, N1 wa licenciatura. Kuyambira 2022 malipiro a ogwira ntchito m'boma amatsata Tabela Salarial Única, koma mayina a maguluwa akadali pakamwa pa aliyense. Wongomaliza kumene, kaya ku IFP kaya ku yunivesite, salembedwa ntchito chifukwa chakuti wamaliza. Amadikira concurso ya boma limene likufuna aphunzitsi, ndipo malo amatengera ndalama zimene zaperekedwa chaka chimenecho. Amene wavomera kupita ku Chifunde, ku Mágoè kapena ku Zumbo amapikisana ndi anthu ochepa kusiyana ndi amene wakakamira mumzinda wa Tete.

Kwa amene ali kale pantchito, kulandira licenciatura sikusintha malipiro mwezi wotsatira. Pamafunika mudança de carreira, kusamutsidwira m'gulu lina la ntchito, yomwe imadikira malo, ndalama mu bajeti ndi kutsimikizidwa kwa mapepala, ndipo kudikirako kungatenge zaka. Zinthu ziwiri zimachedwetsa anthu kuposa zina. Choyamba ndi kuphunzira kosi yosagwirizana ndi ntchito, monga mphunzitsi wa kalasi yachitatu kutenga digiri ya za malamulo kapena ya kayendetsedwe ka makampani n'kumayembekeza kukhala docente N1. Chachiwiri ndi kuyamba maphunziro popanda chilolezo cha akuluakulu a ntchito. Musanalipire matrícula, lembani requerimento yopempha kupitiriza maphunziro, yotchula kosi, sukulu ndi mtundu wa maphunzirowo, ipite kudzera kwa director wa sukulu yanu mpaka ku SDEJT, ofesi ya maphunziro ya boma lanu. Pa kope yanu pakhale chidindo ndi tsiku limene yalandiridwa. Despacho, yankho lolembedwa la akuluakuluwo, ikatuluka, chititsani mafotokope awiri otsimikizidwa, imodzi ikalowe mu processo individual yanu, inayo muisunge kunyumba m'pulasitiki, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha, chifukwa pepala limenelo lidzafunsidwa patapita zaka zinayi kapena zisanu, mwina director amene anasaina atasamutsidwa kale.